Batire Ndi Nkhokwe ya Dzuwa: Mlimi Adziwe Asanagule

Mawu amene adalankhulidwa kwa atsogoleri a makalabu a alimi pa zokambirana za magetsi oyendera dzuwa

 

Nkhani yathu lero ndi ya batire wa sola. Nyengo yokolola ikafika, alimi ambiri akagulitsa soya, mtedza, fodya kapena mpunga amathamangira kukagula panelo ndi batire kuti pakhomo pawale. Limeneli ndi ganizo labwino. Koma m'makalabu mwathu dandaulo limene likumveka kawirikawiri ndi lakuti batire wogula mu Juni amakhala atafa mvula isanathe. Ndalama ya thukuta la chaka chonse imapita, banja n'kubwerera ku tochi ndi kandulo. Nthawi zina wolakwa amakhala wogulitsa, nthawi zina amakhala kagwiritsidwe ntchito kathu. Choncho ndifotokoza mmene batire amasungira mphamvu, mmene tingawerengere kukula kwa batire amene tikufuna, mmene tingamusamalire, ndi zimene ife ngati bungwe tiyenera kupempha kwa akuluakulu.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali za m'tauni. Nyumba zoposa theka zinkaunikira matochi a mabatire. Ngakhale ntchito ya MAREP yafikitsa mapolo m'malo ambiri ochitira malonda, mlimi wokhala kutali ndi msewu sangadziwe chaka chimene waya adzafike pakhomo pake.

Amene ali ndi magetsi a ESCOM nawonso amadziwa kuthimathima kwake. Gawo lalikulu la magetsi athu limapangidwa ndi madzi a mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akachepa, magetsi amachepa. Madzi akasefukira n'kubwera ndi zinyalala ndi matope, makina amaimitsidwa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo siteshoniyo idabwereranso mu 2023. Miyezi yonseyo zigayo zinkaima, mkaka unkasasa m'malo osonkhanitsira, ndipo oweta nkhuku ankataya mazira m'makina oswetsera.

Dzuwa tili nalo lambiri. Vuto lake ndi limodzi: limawala masana, pamene ife timafuna kuwala usiku. Apa ndi pamene batire amalowera. Chimanga timakolola kamodzi koma timadya chaka chonse chifukwa cha nkhokwe. Panelo ndi munda, batire ndi nkhokwe.

Zipangizo zinayi

Sola ya pakhomo ili ndi zipangizo zinayi, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake.

Choyamba ndi panelo. Kuwala kwa dzuwa kukagwera pa timagawo take ta silicon, kumayendetsa magetsi m'waya. Chimene panelo imafuna ndi kuwala, osati kutentha. Ikatentha kwambiri imatulutsa mphamvu yocheperako. Panelo payokha sisunga kanthu. Dzuwa likalowa, nayonso yaweruka.

Chachiwiri ndi kabokosi kotchedwa charge controller. Aka ndi mlonda wa pakhomo la nkhokwe. Batire akadzaza, kamachepetsa magetsi olowa kuti asawire n'kuuma. Batire akatsika kwambiri, kamadula magetsi otuluka kuti asatheretu. Kalipo ka mitundu iwiri: PWM, kotsika mtengo, koyenera sola yaing'ono, ndi MPPT, kokwera mtengo koma kokolola mphamvu yochuluka kuchokera ku panelo yomweyo.

Chachitatu ndi batire mwini wakeyo.

Chachinayi ndi inverter. Magetsi a panelo ndi a batire amayenda njira imodzi, ndipo amatchedwa DC. Batire wamba amakhala wa 12V. Magetsi a ESCOM amasinthasintha mbali, amatchedwa AC, ndipo ndi a 230V. Inverter imasandutsa magetsi a batire kuti akhale ngati a ESCOM. Koma nayo imadya gawo lake, ngakhale pamene simunalumikize kanthu. Ngati mababu, wailesi ndi TV yanu zili za 12V, inverter simukuifuna n'komwe. Ngati muli nayo, muziizimitsa mukatha kugwiritsa ntchito.

Zimene zimachitika m'kati mwa batire

Ambiri timaganiza kuti magetsi amathiridwa mu batire ngati madzi mu ndowa. Zoona zake n'zakuti batire amasunga mphamvu posintha mankhwala amene ali m'kati mwake.

Batire amene tidazolowera, wolemera uja, adamutulukira ndi Gaston Planté wa ku France mu 1859. M'kati mwake muli mapuleti a mtovu omizidwa mu asidi wosakaniza ndi madzi. Mukayatsa babu, asidi uja amagwirana ndi mtovu, pa mapuleti n'kumamera zoyera zonga phulusa, asidi n'kumasukuluka. Panelo ikayamba kutchaja m'mawa, zoyera zija zimasungunuka n'kubwerera mu asidi, batire n'kukhalanso ndi mphamvu. Zimenezi zimabwerezedwa tsiku ndi tsiku.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa imfa ya mabatire ambiri imayambira pamenepa. Batire akakhala wosadzaza kwa masiku ambiri, zoyera zija zimauma n'kulimba pa mapuleti, ndipo sizisungunukanso. Malo osungira mphamvu amachepa. Batire wotereyu amaoneka ngati wadzaza msanga masana, koma madzulo amatha nsima isanapse. N'chifukwa chake lamulo la batire wa mtovu ndi ili: musamudye kupitirira theka, ndipo azidzaza tsiku lililonse ngati n'kotheka. Theka lotsalalo ndi mbewu. Mlimi wanzeru sadya mbewu.

Batire wa galimoto nayenso ndi wa mtovu, koma mapuleti ake ndi opyapyala. Adapangidwa kuti atulutse mphamvu yambiri kwa kanthawi kochepa polizira injini, kenako n'kudzazidwanso nthawi yomweyo. Mukamuika pa sola kuti azikoka usiku wonse, sakhalitsa. Batire wa sola amalembedwa kuti deep cycle, ndipo mapuleti ake ndi ochindikala. Alipo wothira madzi, aliponso womata wotchedwa gel kapena AGM amene sathiridwa madzi.

Mtundu wachiwiri ndi wa lithium, wa banja limodzi ndi batire wa mu foni. Wa sola wabwino amalembedwa kuti LiFePO4. M'kati mwake tinthu ting'onoting'ono ta lithium timasamukira mbali imodzi potchaja, n'kubwerera mbali inayo pamene mukugwiritsa ntchito. Ndi wopepuka, safuna madzi, mungathe kugwiritsa ntchito magawo 8 kapena 9 mwa magawo 10 a mphamvu yake, ndipo amapirira kudzaza ndi kutsika maulendo oposa 2,000, pamene wa mtovu wamba amatopa pa maulendo mazana angapo. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa BMS komuteteza kuti asadzaze kapena kutsika mopitirira. Mtengo wake pogula ndi wokwera, koma mukagawa mtengowo ndi zaka zimene agwire ntchito, nthawi zambiri ndiye amatsika.

Musaganize kuti zimenezi ndi zidole za kumudzi. Ku Golomoti m'boma la Dedza kuli munda wa mapanelo wa mamegawati 20 umene udayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo uli ndi mabatire a lithium osunga mphamvu yofanana ndi mabatire athu a 100Ah oposa 8,000. Ntchito yake ndi yomweyi: kusunga mphamvu ya dzuwa kuti ithandize pamene mitambo yaphimba kapena dzuwa lalowa.

Tiwerenge tisanagule

Palibe amene amamanga nkhokwe asanadziwe matumba amene akolole ndi pakamwa pamene adyetse. Tengani cholembera tiwerengere limodzi.

Pa batire pamalembedwa manambala awiri, mwachitsanzo 12V ndi 100Ah. Mukawachulukitsa mupeza 1,200. Imeneyi ndiyo mphamvu yonse ya mu batire, ndipo muyeso wake ndi Wh, kutanthauza mawati kuchulukitsa ndi maola. Ngati ndi wa mtovu, zanu ndi theka, 600. Ngati ndi wa lithium, zanu ndi pafupifupi 1,000.

Tsopano tione zimene pakhomo pamadya. Chipangizo chilichonse chimalembedwa mawati ake. Mababu anayi a LED a mawati 5 lililonse, oyaka maola 5, adya 100. Wailesi ya mawati 5 yolira maola 6 idya 30. Mafoni atatu, tiyerekeze 10 iliyonse, adya 30. TV yaing'ono ya mawati 30 yoonera maola 4 idya 120. Zonse pamodzi ndi 280. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi chifukwa mphamvu ina imatayika m'mawaya ndi mu inverter, mupeza 350 pa tsiku. Ndiye kuti batire wa mtovu wa 100Ah akusungani tsiku limodzi ndi theka lopitirirako popanda dzuwa.

Nanga panelo? Kuno kwathu tingawerengere maola pafupifupi 5 a dzuwa lamphamvu pa tsiku. Panelo ya mawati 100 pa pepala ipereka 500, koma mukachotsa zotayika chifukwa cha kutentha, fumbi ndi mawaya, zofika mu batire ndi pafupifupi 350. Mwaona kuti zangokwanira ndendende, popanda zotsala. Kukachita mitambo masiku awiri, monga zimakhalira mu Januwale ndi Febuluwale, kapena chiperoni cha mu Juni ndi Julayi m'madera a kumapiri, batire atsika ndipo panelo ilephera kumudzazanso. Pakhomo lotere panelo ya mawati 150 ndiyo yoyenera. Alimi ambiri amagula batire wamkulu ndi kapanelo kakang'ono. Kumeneko ndi kumanga nkhokwe yaikulu pa kamunda kakang'ono: nkhokweyo sidzadzaza, ndipo taona kale kuti batire wosadzaza amafa msanga.

Zinthu zotenthetsa ndizo mdani wa batire. Simbi ya magetsi ya mawati 1,000 imatha 600 yanu yonse pa mphindi 36 zokha. Ketulo ndi mbaula ya magetsi zimadya kuposa pamenepo. Zimenezi sizoyenera pa sola yaing'ono.

Batire pa ntchito za ulimi

Oweta nkhuku mumve izi. Dzira limafuna kutentha kosasinthasintha kwa masiku 21, ndipo usiku umodzi wozizira ungakupheretseni anapiye onse. Tiyerekeze makina oswetsera mazira odya mawati 50. Kuchokera madzulo mpaka dzuwa litakwera m'mawa ndi maola pafupifupi 14, ndiye kuti akufuna 700. Batire mmodzi wa mtovu wa 100Ah sakwanitsa. Pamafunika awiri, kapena wa lithium mmodzi, ndi mapanelo okwanira kuyendetsa makinawo masana uku akudzaza batire. Mawerengedwe omwewa achitike pa firiji yosungira katemera wa chitopa. Thanki yoziziritsira mkaka ndi ntchito yaikulu kwambiri, yofunika katswiri kuti aiyeze, ndipo ndi ya gulu osati ya munthu mmodzi.

Koma a ulimi wothirira ndikuuzeni chinthu chimene chingakupulumutsireni ndalama. Pampu ya sola kawirikawiri sifuna batire. Popani madzi masana dzuwa likuswa, muwakweze mu thanki yomangidwa pamtunda, ndipo madzulo kapena m'mawa atsike okha kupita kudimba. Thankiyo ndiyo batire wanu. Ilibe asidi, sifa ndi kutentha, ndipo imakhala zaka zambiri.

Kwa amene ali ndi magetsi a ESCOM

Kwa inu a m'malo ochitira malonda, ndi maofesi a makopaletivi athu, batire amagwira ntchito ya mlowam'malo. Pali inverter yokhala ndi chotchajira m'kati. Magetsi akakhalapo, imadzaza batire kuchokera ku ESCOM kapena ku panelo. Akangothima, imadula waya wa ESCOM n'kuyamba kutenga ku batire, mwachangu kotero kuti babu siphethira n'komwe. Akabwera, imabwerera yokha. Sankhani zinthu zofunikira zokha kuti zikhale pa waya wa batire: mababu, sikelo, kompyuta, firiji. Dziwaninso kuti pali sola ina yolumikizidwa ku ESCOM yopanda batire. Imeneyo imathima limodzi ndi magetsi, ngakhale dzuwa likuwala.

Chenjezo lalikulu ndi ili: musalowetse waya wa inverter mu soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iyake. Magetsi anuwo amabwerera ku mapolo, ndipo angathe kupha wantchito amene akukonza waya akuganiza kuti ndi wozima. Ntchito yolumikiza imeneyi igwiridwe ndi munthu amene ali ndi chilolezo cha MERA, ndipo aikepo switchi yolekanitsa magetsi awiriwa.

Kasamalidwe

Malawi ali kum'mwera kwa pakati pa dziko lapansi, choncho panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Pasagwe mthunzi wa mtengo ngakhale pa ngodya imodzi, chifukwa kamthunzi kochepa kamatsitsa mphamvu ya panelo yonse. M'chilimwe muziipukuta ndi kansalu konyowa m'mamawa isanatenthe.

Batire akhale pamalo ozizira, podutsa mphepo, pa thabwa, kumene ana safika. Kutentha kumafupikitsa moyo wake: akatswiri amawerengera kuti kukapitirira madigiri 25, madigiri 10 aliwonse owonjezera amadula moyo wa batire wa mtovu ndi theka. Inu a ku Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Karonga, musamuike pafupi ndi malata. Batire wothira madzi amatulutsa mpweya woyaka potchaja, choncho asakhale kuchipinda chogona, ndipo moto, kandulo ndi fodya zikhale kutali. Madzi akachepa, thirani madzi a batire ogula, osati a pachitsime kapena a pamjigo, ndipo musawonjezere asidi.

Pakati pa batire ndi mawaya pakhale fyuzi. Batire alibe switchi. Mawaya akakhudzana amafiira nthawi yomweyo, ndipo denga la udzu silichedwa. Musalumikize batire wakale ndi watsopano, chifukwa wakaleyo amakokera mnzake pansi. Ndipo controller akadula magetsi usiku, musamulambalale polumikiza waya ku batire mwachindunji kuti mumalize kuonera mpira. Mlonda akatseka nkhokwe ndiye kuti zotsalazo ndi mbewu.

Batire akafa, asatayidwe kudzala kapena m'munda, ndipo asaswedwe pakhomo. Mtovu ndi chiphe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene uli wabwino m'thupi. Umawononga ubongo wa mwana mosabwezeka, ndipo ukalowa m'dothi umakhalamo. Amene amasungunula mtovu pa mbaula pokonza mabatire akale akudwalitsa ana awo ndi a anansi. Bwezani batire wakufa kwa ogulitsa mabatire amene amalandira akale.

Pogula

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. M'misika muli mapanelo olembedwa mawati amene alibe, ndi mabatire akale opakidwa utoto. Batire wa mtovu wa 100Ah weniweni amalemera makilogalamu pafupifupi 30. Akapepuka kwambiri, kayikirani. Funsani tsiku limene adapangidwa, chifukwa batire amakalamba ali m'sitolo. Tengani lisiti ndi waranti yolembedwa, yonena miyezi yake ndi kumene mungakadandaule. Pa sola zazing'ono zobwera ndi mababu ake, funsani ngati zidayesedwa ndi a VeraSol, amene amayesa zipangizo zotere padziko lonse.

Ngati mukutenga sola yolipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, werengani mgwirizano musanasaine. Wonkhetsani ndalama zonse mpaka kumapeto. Funsani chimene chimachitika mukalephera kulipira mwezi umodzi, ndiponso amene adzasinthe batire akafa ngongole isanathe.

Zimene tikupempha

Alimi anzanga, kudziwa kokha sikukwanira ngati msika uli wodzaza ndi katundu wachinyengo. Mu 2019 boma lidachotsa msonkho wa VAT pa zipangizo za sola kuti anthu akumudzi azikwanitsa. Cholinga chimenecho chimalephereka pamene mlimi akugula batire kawiri m'chaka chimodzi. Choncho tikupempha zinthu zisanu.

Choyamba, a Malawi Bureau of Standards ayese mapanelo ndi mabatire pamalire, afikenso m'misika ya kumidzi nyengo yokolola, pamene ndalama zili m'manja mwa alimi.

Chachiwiri, a MERA apereke ku maofesi a maboma ndi a zaulimi mndandanda wa anthu ovomerezeka kuika sola, kuti mlimi adziwe woyenera kumuitana.

Chachitatu, a TEVETA aphunzitse achinyamata a m'midzi mwathu, anyamata ndi atsikana omwe, kuika ndi kukonza sola, kuti wokonza asamachokere ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Chachinayi, pakhale lamulo lakuti wogulitsa batire azilandiranso wakufa, ndipo pakhale malo osonkhanitsira m'boma lililonse.

Chachisanu, makampani ndi mabungwe obwereketsa ndalama akonze malipiro ogwirizana ndi kalendala ya mlimi. Ndalama zathu zimabwera kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Kuzimitsira banja magetsi mu Febuluwale, pamene ndalama zonse zapita ku feteleza ndi chakudya, ndi kulanga munthu chifukwa chokhala mlimi.

Nafenso tili ndi gawo lathu. Mutu umodzi susenza denga. Monga timagulira feteleza ndi mbewu pagulu, tigulenso sola pagulu, kuti tikambirane mtengo ndi waranti tili ndi mphamvu. Kalabu iliyonse isankhe munthu mmodzi woti aphunzire mawerengedwe amene tachita lero, kuti azithandiza mamembala asanapite kusitolo. Amayi akhale nawo pa zokambiranazi, popeza ndiwo amadziwa bwino zimene pakhomo pamafunika madzulo. Ndipo aliyense amene wagulitsidwa katundu wachinyengo abweretse lisiti kwa mlembi wa kalabu, kuti madandaulo tiwasonkhanitse n'kuwatengera ku bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC ngati gulu.

Mukabwerera kumakalabu, yambani ndi ntchito imodzi: membala aliyense amene akufuna sola chaka chino alembe zipangizo zake, mawati ake ndi maola ake, abwere nazo ku msonkhano wotsatira ndalama isanatuluke m'thumba.